Namondwe akalengezedwa: zochita kuyambira tsiku la chenjezo mpaka mvula itakata

Namondwe amene amafika kuno ku Malawi amakhala atayenda ulendo wautali pa nyanja ya mchere ya India, ndipo a zanyengo amamuona masiku angapo asanaponde mtunda. Namondwe Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anadutsa nyanja yonse, n'kuomba Madagascar pa 21 Febuluwale ndi Mozambique pa 24, kenaka anabwerera m'nyanja n'kudzalowanso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti anakhala ndi moyo masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhalitsa chotero. Mayendedwe ake onsewa ankaulutsidwa pa wailesi. Komabe kuno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo.

Kumva chenjezo n'kwina, kudziwa chochita nalo n'kwinanso. Masiku awiri kapena atatu odikira aja ndi amene munthu amakhala ndi mphamvu zonse m'manja mwake: misewu ili bwino, chigayo chikugaya, foni ikugwira, milatho ilipo. Malangizo awa ndi a masiku amenewo.

Choyamba, dziwani mdani wanu weniweni

Namondwe amapeza mphamvu ku madzi ofunda a m'nyanja, otentha madigiri 26 kapena kuposa, n'chifukwa chake nyengo yake kuno ndi kuyambira Novembala mpaka Epulo. Akalowa kumtunda mphepo yake imayamba kufooka. Anthu a ku Beira, amene namondwe Idai anawaomba pakati pa Malichi 2019, kapena a ku Quelimane, amakumana ndi mkuntho wathunthu ndi mafunde a m'nyanja. Ife tili mkati, ndiye chimene chimatifika kwambiri ndi madzi amene namondwe wasenza. Mitambo ikagunda phiri la Mulanje, la Zomba, la Thyolo ndi mapiri a mu Blantyre, imakwera n'kukhuthula mvula yochuluka pamalo amodzimodzi. Namondweyo akamayenda pang'onopang'ono monga anachitira Freddy, mvula imeneyi imatha masiku osakata.

Ndikunena izi chifukwa wailesi ikati "namondwe wachepa mphamvu" anthu ambiri mtima umakhala pansi. Mawu amenewo amanena za liwiro la mphepo basi. Namondwe Ana wa mu Januwale 2022 sanali wa mphepo yoopsa kwambiri, koma madzi ake anaononga damu la magetsi la Kapichira pa Shire, dziko n'kukhala pa mavuto a magetsi kwa miyezi yambiri. Mphepo nayo sitiipeputsa: Chido, mu Disembala 2024, anasasula madenga m'maboma angapo. Koma funso loyamba lodzifunsa ndi lakuti, mvula ikagwa masiku atatu osalekeza, madzi ake adzadutsa pati, ndipo nyumba yanga ili pati?

Ngati muli m'munsi mwa phiri, monga ku Chilobwe ndi Manje pansi pa Soche, ku Ndirande, kapena m'midzi yozungulira Mulanje, Michesi ndi Chiradzulu, choopsa chanu ndi matope ndi miyala yotsika m'phiri. Ngati muli m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, m'mbali mwa Ruo, kapena m'madambo a nyanja ya Chilwa, choopsa chanu ndi madzi osefukira, ndipo angakupezeni ngakhale kwanuko kusakugwa mvula yambiri, pakuti amachokera kumtunda. Ngati nyumba yanu ndi ya zidina, choopsa chake ndi khoma lonyowa. Ena ali ndi ziwiri mwa zitatuzi.

Masiku atatu kapena anayi asanafike

Sankhani kumene muzimva nkhani, ndipo mukhale komweko. Kuno olengeza ndi nthambi ya boma yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo, pamodzi ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Uthenga wawo umamveka pa MBC, Zodiak, Times ndi mawailesi a m'madera. Amene amalondola namondwe m'chigawo chathu chonse cha nyanjayi ndi a Météo-France a pa chilumba cha La Réunion, ndipo a ku Mozambique ali ndi nthambi yawo ya INAM. Mauthenga a pa WhatsApp opanda tsiku, ndi makanema a madzi osefukira osadziwika kuti anajambulidwa liti, musawatumize kwa ena. Amaopseza anthu pachabe, ndipo munthu woopsezedwa pachabe kawiri sakhulupiriranso kachitatu.

Mukaona mapu a njira ya namondwe, musayang'ane kamzere kapakati kokha. Kamzereko kakusonyeza kumene pakati pake pakuyembekezeka kudutsa, koma mvula yake imafalikira makilomita mazanamazana mbali zonse, ndipo njirayo imasintha. Mverani m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse.

Tsiku lomweli khalani pansi ndi a pabanja panu mugwirizane zinthu zitatu: kothawira, njira yake, ndi chizindikiro chimene chidzakunyamutseni. Ichi ndicho chachikulu pa zonse zimene ndalemba muno. Kothawira kukhale pamalo okwera koma osati m'mphepete mwa phiri, nyumba ya njerwa zootcha ndi simenti: sukulu, tchalitchi, mzikiti, kapena kwa m'bale. Funsani kwa amfumu kapena a komiti yoona za ngozi ya m'mudzi mwanu malo amene akonzedwa. Njirayo muiyende ndi miyendo tsopano kukadali kouma, muone ngati ikuwoloka khwawa kapena kamlatho. Ngati ikuwoloka, pezani ina, kapena dziwani kuti inu muyenera kunyamuka mvula isanalimbe.

Chizindikiro chonyamukira chikhale chinthu chooneka ndi maso, chosafuna kukambirana: "a boma akangonena kuti a m'dera lino achoke," kapena "madzi akafika pa mtengo wa mango uja," kapena "mvula ikagwa usana wonse mpaka 3 koloko." Mukachisiya kuti mudzaganize pa nthawiyo, mudzaganiza muli otopa, kunja kuli mdima, ana akugona, ndipo mtima udzakuuzani kuti tidikire kuche. Pa nthawi ya Freddy, matope a ku Chilobwe anatsika anthu ambiri ali m'nyumba.

Ganiziraninso amene sangathe kuthamanga: agogo, mayi woyembekezera, wodwala, munthu wa ulumali, makanda. Awa apite msanga, tsiku limodzi namondwe asanafike, ngakhale kunja kukuwala. Mayi amene masiku ake ayandikira apite kuchidikiro tsopano, pakuti mlatho ukaduka ambulansi sidzafika. Agogo akakana, musakalipe. Auzeni kuti, "Agogo, tiyeni mukacheze kwa azakhali masiku awiri okha, nyumba tiziyang'anira ife." Nthawi zambiri chimene akuopa ndi kusiya katundu wawo, osati ulendowo.

Masiku awiri asanafike: nyumba ndi katundu

Yambani ndi madzi. Tsegulani ngalande zonse zozungulira nyumba, chotsani zinyalala ndi mapulasitiki m'ngalande za mumsewu pamodzi ndi anansi anu, ndipo kumtunda kwa nyumba kumbani kangalande kopatutsa madzi kuti asamenye khoma. Musawalozetse kunyumba ya mnzanu. Khoma la zidina limagwa chifukwa chonyowa m'munsi ndi kumbali kumene mvula ikuombera, ndiye unjikani dothi m'tsinde mwake motsetsereka, ndipo ngati muli ndi pepala la pulasitiki phimbani mbali yoomba mphepo.

Kenaka denga. Khomererani malata ogwedera, ndipo mangani mitengo ya denga ku khoma ndi waya, chifukwa mphepo kawirikawiri imanyamula denga lonse pamodzi ndi mitengo yake. Miyala ndi njerwa zimene timasanjika pamwamba pa malata n'zoopsa: denga likasasuka zimagwera anthu. Matumba a mchenga ndi abwinopo. Dulani nthambi zolendewera pa nyumba, ndipo mtengo wa bulugamu kapena wina wautali umene uli pafupi muuyang'ane bwino, poti nthaka ikanyowa mizu imazuka. Zidebe, malata akale, mipando ya pakhonde, zonse zilowe m'nyumba.

Pitani kuchigayo lero, osati mawa. Magetsi akazima chigayo chimaima, ndipo chimanga cha m'thumba sichidyeka msanga. Sungani ufa, nyemba, usipa, mchere, shuga, ndi zina zosalira kuphika monga chiponde, mtedza wokazinga ndi mabisiketi. Makala ndi nkhuni zikhale pouma, machesi m'botolo lotseka. Tungani madzi akumwa m'zigubu zonse zimene muli nazo, okwanira masiku atatu kapena kuposa, ndipo gulani WaterGuard kapena pemphani kolorini kwa alangizi a zaumoyo. Mipope imaduka, ndipo zitsime zimalowa madzi a m'zimbudzi.

Konzani chikwama chimodzi chonyamulika ndi dzanja limodzi. M'jumbo yomanga bwino muikemo chitupa cha unzika, mabuku a kuchipatala a aliyense, masatifiketi a sukulu, mapepala a malo, ndi mankhwala. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga, a khunyu kapena a TB, aone ngati ali ndi okwanira milungu iwiri, ndipo ngati atsala pang'ono apite kuchipatala akafotokoze. Onjezani tochi, mabatire, kawailesi, bulangete, zitenje, neti ya udzudzu, sopo, ndi zofunika za amayi ndi atsikana pa nthawi ya kumwezi, zimene m'misasa zimasowa kwambiri. Tchajani mafoni onse. Tapani ndalama pang'ono ku Airtel Money kapena Mpamba mukhale nazo m'manja, chifukwa netiweki ikagwa ndalama ya mufoni sigula kanthu. Manambala a abale awiri kapena atatu alembeni papepala.

Mbewu ndi chakudya chotsala zikwezeni pamwamba, kapena kazisungitseni kumtunda. Ziweto zipite kumtunda masana. Ngati zalephereka, pa tsikulo mudzatsegule khola ndi kumasula zingwe: mbuzi yomangidwa imafera pachikhomo pomwepo. Asodzi a pa Chilwa, Malombe ndi nyanja ya Malawi akokere mabwato kumtunda ndipo asalowe m'madzi kufikira a zanyengo atanena.

Tsiku lomaliza: kuwerenga kumwamba

Apa mpamene ambiri amanyengeka. Tsiku limodzi kapena awiri namondwe asanafike, kunja kumatha kuwala bwino, dzuwa kuswa mtengo, mphepo zii. Zimatero chifukwa kunja kwa namondwe mpweya umatsika pansi n'kubalalitsa mitambo. Pamenepo pamamveka mawu akuti a zanyengo anama. Inu pitirizani ntchito.

Kusintha kumayambira m'mwamba kwambiri. Mudzaona timitambo toyera topyapyala, tonga nthenga, titayala kuchokera mbali imodzi, kawirikawiri kum'mawa kumene kuli Mozambique. Kenaka kumwamba konse kumachita chifunga choyera, dzuwa kapena mwezi n'kukhala ndi mkombero. Madzulo dzuwa limatha kulowa mofiira kwambiri. Pakapita maola mitambo imakhuthala n'kutsika, nsonga za mapiri n'kubisika, ndipo mitambo yam'munsi imayamba kuthamanga, yonse kulowera kumodzi.

Mvula yoyamba imabwera mwa apo ndi apo. Imagwa ndi chimphepo mphindi zingapo, n'kukata, mwina kadzuwa n'kutuluka, kenaka n'kubweranso. Namondwe ali ndi mizere ya mitambo yomuzungulira, ndipo mzere uliwonse ukamadutsa ndiye mvulayo. Chimene muyang'ane ndi mpata wa pakati: ukamafupika, mvula iliyonse n'kumaposa inzake, ndiye kuti akuyandikira. Mipata yoyambayo ndi nthawi yanu yomaliza yoyenda bwino.

Pali njira yakale yodziwira mbali imene ali. Kuno kumwera kwa dziko lapansi, mphepo ya namondwe imazungulira monga mivi ya wotchi. Mukaima mphepo ikukuombani kumsana, pakati pa namondwe pamakhala cha kudzanja lanu lamanja. Choncho namondwe akakhala kum'mawa kwanu, mphepo imachokera kumwera. Pakati pa mapiri ndi nyumba mphepo yapansi imakhotakhota, ndiye ndi bwino kuona kumene mitambo yam'munsi ikulowera. Mbali yochokera mphepo ikamasintha pang'onopang'ono, namondwe akudutsa chapambali. Ikakhala yomweyo koma n'kumakulirakulira, akulunjika kwanuko. Nzeru imeneyi ndi yothandiza wailesi ikafa. Singalowe m'malo mwa chenjezo la a zanyengo, amene akuona namondwe yense pamene inu mukuona kachigawo ka kumwamba kwanu.

Ana asapite kusukulu, ndipo aliyense akhale atafika pakhomo kusanade. Ngati nyumba yanu ili m'gulu la zoopsa lija, nyamukani tsopano, masana. Zimitsani magetsi pa mita, tsekani chitseko, uzani mnansi kumene mwapita.

Mvula ikakhazikika

Ngati mwatsala m'nyumba chifukwa ili pamalo abwino, gonani m'chipinda cha makoma olimba, kutali ndi mawindo ndi khoma loombedwa ndi mvula. Muzigona mosinthana, wamkulu mmodzi akhale maso ndi tochi. Nsapato ndi chikwama zikhale pakhomo. Mbaula isalowe m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo, wosanunkha n'komwe. Khoma likayamba kuchita mng'alu, kufufuma, kapena dothi kumayoyoka, tulukani nonse nthawi yomweyo.

A m'munsi mwa phiri, mvetserani bwino apa. Makolo ankati Napolo akamatsika m'phiri amadutsa ndi mkokomo, ndipo anthu a ku Zomba mu 1946 ndi a ku Phalombe mu Malichi 1991 anaona zimene mawuwo akutanthauza. Phiri limamwa madzi tsiku loyamba ndi lachiwiri, kenaka dothi lokhuta limasiyana ndi thanthwe lapansi n'kutsetsereka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Kumene mitengo inatha ndipo nyumba zinakwera m'phiri, zimachitika mosavuta. Kawirikawiri pamakhala zizindikiro. Nthaka imang'ambika kumtunda kwa nyumba. Mitengo ndi mapolo a magetsi zimapendekeka. Madzi amatumphuka pamalo pamene sipanakhalepo kasupe. Zitseko zimayamba kukanika kutseka. Khwawa limene linali ndi madzi oyera limasanduka phala la matope lodzaza zinyalala ndi nthambi.

Chizindikiro choopsa koposa ndi ichi: mvula ikugwabe, koma madzi a m'khwawa achepa mwadzidzidzi kapena aphweratu. Ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndi dothi ndi mitengo, madzi akuunjikana, ndipo chotsekacho chikaphulika zonse zitsika pamodzi. Musapite kukaona. Chimodzimodzi mukamva mkokomo wochokera kuphiri, kapena kuthyoka kwa mitengo ndi kugundana kwa miyala. Thawani chopingasa, kutuluka m'njira ya khwawa kupita kumbali ndi pamalo okwera. Musathawe chotsika m'khwawa momwemo, chifukwa matope amathamanga kuposa munthu. Madzi saiwala khwawa, ndipo m'matauni athu makwawa ambiri akale anakwiriridwa n'kumangapo nyumba. Funsani akuluakulu amene anafika pamalopo kale, akuuzani pamene madzi ankadutsa.

A m'chigwa, khomani kamtengo m'mphepete mwa madzi ndipo muzikayang'ana ola lililonse muli chapatali. Imbirani abale a kumtunda: mvula ya ku Mulanje ndi Thyolo ndiyo imadzaza Ruo, ndipo Ruo akakumana ndi Shire wodzaza ku Chiromo madzi amabwerera m'midzi. Muluzu kapena ng'oma ya a komiti ikalira, nyamukani.

Za kuwoloka ndinena mwachidule, chifukwa palibe chokambirana. Madzi othamanga ofika m'mwamba pang'ono mwa kakolo, masentimita 15 okha, amagwetsa munthu wamkulu. A masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Pansi pake simukuona ngati msewu kapena mlatho ulipobe. Dalaivala wa minibasi kapena wa kabaza akati tiwoloka, tsikani. Ngati madzi akuzingani, kwerani pamalo okwera kwambiri amene mungafike, gwedezani chitenje chowala, ndipo foni muziigwiritsa ntchito potumiza mauthenga afupiafupi onena malo enieni ndi chiwerengero cha anthu, kuti batire likhalitse.

Kukachita bata

Amene ali kufupi ndi gombe ku Mozambique adziwe kuti pakati penipeni pa namondwe pamakhala bata. Mphepo imaleka, kumwamba n'kuyera, koma posakhalitsa imabweranso mwamphamvu kuchokera mbali ina. Kuno kumtunda bata lotere silichitikachitika, koma tili ndi lathu lotinyenga: mvula imakata, anthu n'kuthamangira kunyumba kukaona katundu, pamene phiri likadali lokhuta madzi ndipo mitsinje ya kuchigwa ikadakwerabe. Freddy yemwe uja anabweranso ku Mozambique patapita milungu iwiri chiombereni koyamba. Dikirani mawu a a zanyengo ndi a DoDMA.

Pobwerera pite wamkulu mmodzi kapena awiri, masana, ana atsale. Waya aliyense wa magetsi wogwa pansi mumuyese wamoyo, musamuyandikire, dziwitsani a ESCOM. Zungulirani nyumba kunja musanalowe, muone ming'alu ndi maziko okokoloka. Khoma la zidina lonyowa limatha kugwa dzuwa litawala kale. Gwiritsani ntchito ndodo posuntha katundu, poti njoka nazo zimathawira pouma, ndipo kuchigwa ng'ona zimayenda ndi madzi osefukira.

Madzi onse akumwa athiridwe mankhwala kapena awiritsidwe mpaka abwadamuke, ngakhale a pamjigo umene munazolowera. Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse imene dziko lino linaonapo, ndipo zimbudzi zikagumuka matendawa amapeza njira. Chakudya chimene chakhudzana ndi madzi osefukira chitayeni. Wina akayamba kutsegula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo. Ngati palibe, sungunulani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala. Gonani m'neti ngakhale kumsasa, chifukwa zithaphwi zikachuluka malungo amatsatira patangopita milungu yochepa. Ndipo kalembetseni dzina la banja lanu ndi zimene zaonongeka kwa amfumu ndi a komiti ya ngozi, popeza thandizo likamabwera limatsata kaundula ameneyo.